Khoma lonyowa: zimene timauzana ndi zimene madzi amachita

Mwezi wa Febuluwale ukafika pakati, nyumba zambiri kwa Chitukula zimakhala zitalembeka mzere. Mzerewo umafika m'mawondo, pena m'chiuno. Kumunsi kwake khoma ndi lakuda ndi lozizira, kumtunda kwake ndi louma bwinobwino. Mukauona ku Lumbadzi mukaupezanso ku Nsaru, kwa Kabudula, ku Mpingu, ku Nambuma ndi ku Namitete, pa nyumba ya mdindo, ya zidina, ngakhale ya njerwa zootcha yofolera ndi malata. M'katimo mumamveka fungo la chinyontho, zovala zapatchalitchi zimachita nkhungu musutukesi, ndipo mwana amayamba kutsokomola usiku.

Alangizi sasowa pa nkhani imeneyi. Amalume anena zawo, mmisiri wa pamsika anena zake, amayi a pamjigo awonjezerapo. Mwa malangizowa muli nzeru zenizeni za makolo, komanso muli ena amene amagwetsa nyumba ndi kudwalitsa eni ake. Tiyeni tiwapete.

"Kuno si ku Nsanje," amatero ambiri, kutanthauza kuti madzi oononga nyumba ndi nkhani ya ku Chigwa cha Shire. N'zoona kuti namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anasakaza kwambiri kummwera. Koma mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kugwetsa nyumba kwa Mtandire, ndipo mu Disembala chaka chomwecho madzi anachitanso zoopsa ku Kawale, kwa Kaliyeka ndi ku Chipasula, mumzinda wa Lilongwe momwemu. Komabe makoma ambiri akumudzi sanyowetsedwa ndi mtsinje. Amanyowetsedwa ndi denga la nyumba yomweyo. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo otalika mita imodzi uku ndi uku, ndiye kuti pagwa lita imodzi ya madzi. Tengani nyumba wamba ya mamita 6 m'lifupi ndi mamita 8 m'litali. Mvula ya mamilimita 30, yomwe ikhoza kugwa masana amodzi okha, imatsitsa malita 1,440 kuchokera padengalo, madiramu asanu ndi awiri ndi kamwamba. Dera lathu limalandira mamilimita 800 kapena kuposerapo pachaka. Ngati palibe ngalande, ndipo khonde linakokoloka kalekale, madzi onsewo amathera patsinde pa khoma.

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 36 mwa 100 zilizonse m'dziko muno zinali za makoma adothi ndi denga laudzu. Ndiye nkhani ya dothi ndi madzi si ya anthu owerengeka ayi.

Chikhulupiriro china ndi chakuti pamene panyowa ndi pomwe pakudontha. Munthu amakwera pamwamba, n'kumata phula pa lata loyang'anizana ndi banga, mvula yotsatira n'kupeza banga lakula. Madzi amayenda. Amalowera pa msomali wa malata, n'kutsata phaso kapena mtanda mamita angapo asanagwere pakhoma. Njira zake zikuluzikulu ndi zitatu, ndipo khoma lenilenilo limaulula njira imene adzera. Banga loyambira kudenga n'kumatsika, lokula mvula ikangogwa, ndi la denga lodontha. Chinyontho cha mbali imodzi yokha, mbali imene mphepo imaombetsa mvula, ndi cha denga lalifupi losaphimba khoma. Mzere wozungulira nyumba yonse kumunsi, wosasintha msanga kaya kwagwa mvula kaya kwacha bwino, ndi wa madzi okwera kuchokera m'nthaka. Njerwa ndi dothi zili ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timakoka madzi kupita nawo m'mwamba, ndipo kawirikawiri amalekezera pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi.

Pali madontho enanso amene amanamizira malata. Usiku kukazizira, mpweya wa m'nyumba, wodzala ndi nthunzi ya anthu opuma ndi zovala zoyanika, umakaunjikana kunsi kwa malata ozizira n'kusanduka madzi. M'mawa mumapeza bulangete lanyowa chikhalirecho sikunagwe mvula. Mankhwala ake ndi mpata wotulukira mpweya pamwamba pa khoma, ndipo phula lilibe ntchito apa.

Kuumitsa khoma madzi akulowabe n'kutaya nthawi. Choyamba ndi kutseka njira yawo: kukonza denga, kukumba ngalande yopititsa madzi kutali ndi nyumba, kuchotsa nthochi ndi maluwa zodzalidwa mogundana ndi khoma, ndi kutsetsereka bwalo kuti madzi azithawa nyumba m'malo moitsata.

Za madzi otumphuka pansi m'chipinda, ena amathamangira kunena kuti pali munthu wachita chipongwe. Nyumba yomangidwa m'mphepete mwa dambo imakhala pa nthaka imene madzi ake apansi amakwera m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, monga momwe amakwerera m'chitsime cha kudimba. Akafika pa msinkhu wa pansi pa nyumba amatulukira pamene papyapyala. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo malo ambiri amene tikumangapo lero anali njira za madzi makolo athu asanachulukane. Agogo a nyumba yoyandikana nayo alibe nawo mlandu, ndipo lamulo la dziko lino, lomwe lilipo kuyambira 1911, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti.

Tsopano tifike pa langizo limene ine ndimaliona kuti ndi loipa kuposa onse: "Tsekani mawindo ndi zitseko, muikemo mbaula usiku wonse, m'mawa mupeza mwauma." Limamveka lanzeru chifukwa tonse timadziwa kuti moto umaumitsa. Koma madzi ochoka m'khoma sazimiririka. Amasanduka nthunzi n'kulowa mumpweya wa m'chipindamo, ndipo ngati mpweyawo ulibe kotulukira, moto ukazilala nthunzi ija imabwereranso pakhoma, pamatiresi ndi pazovala. Mwangosamutsa madzi kuchoka pakona ina kupita pakona ina, n'kuwapatsa kutentha kumene nkhungu imakonda. Sitovu ya palafini ndiye imachita kuwonjezera, pakuti lita imodzi ya palafini ikapsa imatulutsa nthunzi yokwana pafupifupi lita imodzi ya madzi.

Choopsa chenicheni ndi china. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, wopanda mtundu. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amamva mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo wogona kale sadzuka n'komwe. Chaka ndi chaka m'nyengo yozizira timamva za anthu opezeka atafa m'nyumba mbaula ili pambali. Wina akapezeka atafooka m'chipinda chotere, mutulutsireni panja pomwepo ndi kuthamangira naye kuchipatala, kaya ndi cha Kabudula, cha St Gabriel ku Namitete, kapena chilichonse chapafupi. Musadikire kuti atsitsimuka yekha.

Alimi a fodya wa bale ku Nsaru ndi kwa Kabudula akudziwa kale yankho la khoma lonyowa, kungoti salitengera kunyumba. Chigafa chilibe makoma. Chili ndi denga lotchinga mvula basi, ndipo fodya amauma ndi mphepo yodutsa pakati pa masamba. Mlimi akapanikiza ndawala, kapena mvumbi ukakhalitsa mpweya n'kuima, fodya amaola. Khoma lonyowa limafuna zomwezo: pamwamba potchinga, m'mbali mopita mphepo. Tsekulani mawindo oyang'anizana kuti mpweya uzilowa uku n'kutulukira uko. Sendezani bedi, kabati ndi matumba a chimanga kutali ndi khoma, ndipo matumbawo akhale pa mitengo, asagunde pansi. Chotsani makalendala, nsalu ndi mapepala apulasitiki amene timakonda kukongoletsera chipinda chochezera. Mphasa, makapeti ndi matiresi zipite padzuwa. Amene ali ndi magetsi ayatse fani n'kuilozetsa kukhoma, zenera lili chitsekulire. Timabowo ta mpweya ta pamwamba pa mawindo, timene ambiri anatitseka ndi nsanza poopa udzudzu ndi fumbi, titsekulidwe n'kuikapo sefa.

Mvula ikamagwa kapena kukachita nkhungu ya m'mawa, mpweya wa panja nawo umakhala wonyowa, choncho nthawi yabwino yotsekula ndi dzuwa likakwera mpaka chakumadzulo.

Ndiye pali funso la nthawi. "Ndagwira ndi dzanja, lauma," amatero mwini nyumba patatha sabata imodzi yadzuwa, n'kuitana wopaka penti. Dzanja limamva khungu la khoma lokha. Njerwa yootcha pa uvuni wa kumudzi ikhoza kumwa madzi olemera gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, moti njerwa ya makilogalamu awiri ndi theka ikhoza kusunga theka la lita. Wokayika aiyeze pa sikelo ya ogula mbewu, aiviike usiku wonse, aiyezenso m'mawa. Pa khoma la njerwa ziwiri, malo a mita imodzi uku ndi uku amadya njerwa zoposa 100. Khomalo likakhuta madzi, ndiye kuti malo ang'ono amenewo asunga malita ngati 50, ndowa ziwiri ndi theka, ndipo madzi onsewo ayenera kutuluka pang'onopang'ono kudzera pankhope pa khoma.

Amisiri a ku Britain ali ndi kawerengedwe kawo kakale: mwezi umodzi pa mamilimita 25 aliwonse a kuchindikala kwa khoma. Khoma la mamilimita 230 lingatenge miyezi isanu ndi inayi kumeneko. Kwathu dzuwa ndi mphepo ya chilimwe zimafupikitsa nthawiyi, komabe tiziwerenga masabata ndi miyezi. Khoma lonyowa mu Febuluwale silingaume bwino mvula isanathe mu Epulo, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumachedwetsanso. Miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala ndiyo imamaliza ntchitoyo.

Pali njira yosalira ndalama yodziwira ngati m'kati mwauma. Dulani pepala lapulasitiki loonekera, lalikulu ngati thireyi, mulimate pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe. Lisiyeni usana ndi usiku. Mukapeza madontho kunsi kwake, kapena khoma lada pamene panali pepalapo, madzi akadalimo. Mukapeza madontho kunja kwa pepala, vuto ndi mpweya wa m'chipindamo, ndipo chofunika ndi mawindo.

Chikhulupiriro chodya ndalama zambiri ndi cha simenti. Fodya akagulidwa, kapena mwana wa ku Joni akatumiza kenakake, banja limati tithane nalo vutoli: pulasitala wa simenti yambiri kunja ndi m'kati, pamwamba pake penti yamafuta yonyezimira. Mwezi woyamba nyumba imaoneka ngati yatsopano. Kenaka penti imatupa matuza n'kusupuka, pulasitala amayamba kulira ngati ng'oma mukamugogoda, ndipo tsiku lina amagwa chigamba chonse, kumbuyo kwake kuli dothi lofewa ngati phala.

Chimachitika n'chiyani? Khoma la dothi limapuma. Limamwa chinyontho nyengo yamvula n'kuchitulutsa nyengo yadzuwa, ndipo likamatero limafufuma ndi kunyala pang'ono. Simenti ndi youma gwa, siyenda nalo limodzi, choncho imang'aluka timing'alu ting'onoting'ono. Madzi amalowera m'timing'aluto, koma potuluka amapeza njira yotsekeka. Amene akukwera kuchokera pansi, atatsekeredwa mbali zonse ziwiri, amangokwera kupitirira pamene ankalekezera kale. N'chifukwa chake lamba wakuda amene timapaka kumunsi kwa khoma, wa phula kapena wa oyilo wakutha wa galimoto, nthawi zambiri amangosamutsira mzere uja pamwamba pake. Lambayo amathandiza kutchinga madzi odumpha kuchokera pansi mvula ikamagwa, koma pakhoma louma kale ndi lotetezedwa kumaziko. Pakhoma lonyowa amatsekera mdani m'nyumba.

Apa makolo anali patsogolo pathu. Amayi omata khoma ndi dothi chaka ndi chaka, n'kuzira khonde lokwera bwino lozungulira nyumba, pansi pa denga laudzu lotsika mpaka kuphimba khondelo, ankachita zimene mabuku a zomangamanga amalimbikitsa lero: madzi agwere kutali, tsinde la khoma likhale pamwamba, ndipo chophimba khoma chikhale chotha kupuma. Dothi lomata limakokoloka, inde, koma ndiyo ntchito yake. Limadyeka ilo kuti khoma lisadyeke, ndipo kulibwezera sikulira thumba la simenti. Laimu nayenso amapuma, ndipo nkhungu simera msanga pa iye. Nyumba za malata zimene tikumanga masiku ano, zodula denga m'mphepete mwenimweni mwa khoma pofuna kupulumutsa lata limodzi, zinataya nzeru imeneyi.

Sindikunena kuti simenti ndi yoipa. Pa njerwa zootcha bwino kapena pa mabuloko, khoma litauma, pulasitala wa simenti ndi mchenga wabwino amagwira ntchito yake. Malo ake ena oyenera ndi maziko. Ndipo chinthu chotchipa chimene chimaletsa madzi kukwera ndi pepala lakuda lapulasitiki, lija amisiri amalitchula kuti DPC, loyalidwa pamwamba pa maziko, mamilimita osachepera 150 kuchokera pa nthaka ya panja. Amene anaphunzira zomanga pa Namitete Technical College kapena m'sukulu zina za ntchito zamanja amalidziwa. Mmisiri akakuuzani kuti "bwana, chimenecho n'chongotayitsa ndalama," m'funseni ngati adzabwere kudzagwetsa pulasitala mwaulere zaka zitatu zikubwerazi. Amene muli nalo kale pepalalo, samalani pokweza khonde kapena pothira dothi m'mbali mwa nyumba: dothi likapitirira pamene pali pepala, madzi apeza mlatho wolambalalira.

Za ufa woyera umene umatuluka pa njerwa khoma likamauma, ena amati simenti inali yachinyengo, ena amathamangira kuutsuka. Umenewo ndi mchere wa m'dothi ndi m'njerwa umene madzi ausiya pamene akuuluka, ndipo ndi chizindikiro chakuti khoma likutulutsa madzi. Mukautsuka ndi madzi umasungunuka n'kubwerera m'njerwa. Upukuteni ndi bulashi youma, muusese, mukautaye kunja.

Nkhungu ndi nkhani ina. Ambiri amaiona ngati litsiro chabe lofunika kulikwirira ndi penti. Nkhungu ndi chamoyo, ndipo pamalo onyowa imayamba kumera pasanathe masiku awiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2009 osonyeza kuti anthu okhala m'nyumba zachinyontho ndi zankhungu amavutika kwambiri ndi chifuwa, kubanika ndi mphumu. Nkhungu siyambitsa TB, monga ena amanenera, pakuti TB imachokera kwa munthu wodwala. Koma chipinda chotseka mawindo chimathandiza zonse ziwiri. Pakhoma la pulasitala, itsukeni ndi sopo, kenaka mupukute ndi Jik wosungunula, kapu imodzi m'malita anayi a madzi, mawindo ali otsekula, manja muli magolovesi kapena majumbo, pakamwa ndi pamphuno mutamanga nsalu. Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira, chifukwa pamatuluka mpweya wapoizoni. Pakhoma la dothi palani pamene pachita nkhungupo, mudzamatenso pakauma. Siling'i ya bolodi yofewa imene yamwa madzi n'kulendewera sibwereranso mwakale, ichotsedwe isanagwere munthu. Ndipo chimanga kapena mtedza zimene zachita chuku chifukwa chotsamira khoma lonyowa zisadyedwe, ngakhale kupatsa nkhuku: poizoni wa aflatoxin saphedwa ndi kuphika, ndipo amaononga chiwindi.

Ngati amene analowa m'nyumba ndi madzi osefukira, musawatenge ngati madzi amvula wamba. Adutsa m'zimbudzi zogumuka ndi m'makola. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma la Lilongwe linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Matope achotsedwe akadali ofewa, pansi ndi ziwiya zitsukidwe ndi madzi a klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa. Nyumba ya magetsi a ESCOM izimitsidwe pa switchi yaikulu musanaponde m'madzi, ndipo masoketi amene anamira asagwiritsidwe ntchito mpaka wodziwa zamagetsi atawaona. Mabuloko a simenti ali ndi mphako zimene zimasunga madzi nthawi yaitali, ndipo kuboola timabowo pa mzere wapansi kumawathandiza kutuluka.

Chikhulupiriro chomaliza ndi chimene chimapha: "Mvula yatha, nyumba yaima, ndiye kuti yapulumuka." Mphamvu ya chidina ndi mdindo ili pa kuuma. Dothi likakhuta madzi limabwerera kukhala matope, ndipo mbali imene imanyowa kwambiri, ya kutsinde, ndi yomwenso yasenza khoma lonse ndi denga. Khoma lotere likhoza kuima masiku angapo kenaka n'kukhala pansi mwadzidzidzi, kopanda mphepo, kunja kuli nyenyezi. Nyumba ya njerwa zootcha zomangira matope ili pa ngozi yomweyo, chifukwa njerwa zikhoza kukhala zolimba koma chozigwirizitsa chasungunuka. Malipoti a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA nyengo iliyonse yamvula amatchula zinthu ziwiri mobwerezabwereza pa imfa za anthu: mphenzi ndi makoma ogwa.

Zizindikiro zake n'zooneka. Kanikizani chala kapena kamtengo patsinde pa khoma: chikalowa mosavuta, khomalo ladwala. Onani ngati tsinde ladyeka n'kulowa m'kati, ngati khoma latupa pamimba kapena lapendekera, ngati pakona patseguka mng'alu wokula tsiku ndi tsiku, ngati chitseko chimene chinkatsekeka bwino chayamba kukana. Chiswe nachonso chimakonda dothi lonyowa, ndipo chimadya mafelemu ndi mitengo ya denga mwakachetechete. Mukaona zotere, chirikizani denga ndi mizati kuti kulemera kwake kuchoke pakhoma. Kukonza kudikire kuti kuume, ndipo pokonza mmisiri azichotsa zidina zoola pang'onopang'ono, malo osapitirira mkono umodzi nthawi imodzi, n'kubwezeramo zouma asanapite pena. Wogumula tsinde lonse nthawi imodzi amagwetsa nyumba ndi manja ake. Khoma limene lapendekera kale silichiritsika ndi pulasitala: ligwetsedwe n'kumangidwanso pa maziko okwera.

Inu a kwa Chitukula ndi madera ozungulira, ngati tsinde la khoma lanu lafewa, musagoneke ana pafupi nalo usiku uno. Apite kwa achibale kapena kwa anansi, ndipo mudziwitse amfumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi kuti nkhani ifike kwa a boma. Denga, ngalande ndi khonde muzikonze mu Seputembala ndi Okutobala, mvula ya Novembala isanayambe.